Mbiri ya James Chuma ndi Madooko Amene Anafikako

Ife a kuno ku Mchinji tikhala kutali ndi nyanja yamcere. Madzi amene tiwadziwa ndiwo a Bua ndi a Rusa ndi a m'madambo, ndipo ambiri a ife sitinaone combo coposa bwato. Koma m'caka ca 1866 anapita m'dziko lino, kufupi ndi magwero a Bua, mnyamata wa mtundu wa Ayao, wa zaka ngati 16, amene anali ataoloka kale nyanja yaikuru ya India kawiri, popita ndi pobwera. Dzina lace ndiye James Chuma. Dzina la mbuye wace, Dotolo David Livingstone, alidziwa ndi ana a sukulu omwe, koma la Chuma alidziwa owerengeka okha. Cifukwa cace tifuna kulongosola mbiri yace mwezi uno, ndipo tidzaitsata monga mwa madooko amene anafikako, pakuti pa dooko liri lonse moyo wace unatembenuka.

Tonse tidziwa dooko la pamtsinje, pamene anthu amangapo mabwato ao. Dooko la ku nyanja yamcere ndilo mudzi waukuru pamalo obisika ku mphepo, pamene zombo ziponya nangula. Madzi a nyanja imeneyo samweka, ndipo sitima za masiku aja zinayenda ndi moto wa malasha. Cotero combo sicinakhoza kuyenda ulendo wautali osaima pa madooko kukatenga madzi, malasha ndi zakudya.

Ubwana wace

Chuma anabadwa ngati m'caka ca 1850, ndipo anagwidwa ukapolo akali mwana. M'mwezi wa Julaye 1861 Livingstone anali kukwera kucokera ku Shire kumka kumapiri pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie, kukafuna malo omangapo Misyoni. Pa mudzi wa Mbame anakomana ndi ulendo wa akapolo wolinga ku Tete. Oyendetsa ulendowo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa tsiku lomwelo, amuna atawadulira magoli ndi sowo. Masiku otsatira anamasulidwa enanso, ndipo mwa omasulidwa a mwezi umenewo munali Chuma, mwana wa zaka ngati 11.

Anakhala ndi a Misyoni pa Magomero. Masiku ace anali oipa, a nkhondo, njala ndi malungo. Bishopu Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862, ndipo Misyoni inatsikira kwa Chibisa m'mbali mwa Shire. Pa Misyoni imeneyo Chuma anadziwana ndi Horace Waller, Mzungu amene anasamala omasulidwa aja monga ana ace. Dzina ili mulisunge, pakuti tidzakomana nalonso tsidya lija la nyanja.

Tikumbukire kuti ana ambiri a m'dziko la Nyanja anaona nyanja yamcere masiku aja, koma anaiona ali omangidwa. Anawayendetsa pansi kufikira dooko la Kilwa, nawalonga m'ngalawa za Aluya monga matumba a cimanga, kumka nao ku Zanzibar. Rigby, amene anali kazembe wa Angerezi pa cisumbuco, anawerenga kuti akapolo 19,000 a ku dziko la Nyanja lokha anali kupita pa nyumba ya msonkho ya Zanzibar caka ndi caka. Chuma anayenda pa madzi omwewo, nafika ku Zanzibar komweko, koma iye anafikako ali mfulu.

Mozambique ndi Zanzibar

M'caka ca 1863 Boma la Angerezi linaitana Livingstone kuti aleke ulendo wace wa pa Zambezi. Iye anali nayo sitima yaing'ono dzina lace Lady Nyassa, imene anaigula ndi ndarama zace za iye mwini, kuti iyende pa Nyanja yathu ndi kutsekereza ngalawa za akapolo. Koma sitimayo sinafike ku Nyanja cifukwa ca mathithi a Shire. Ndipo iye anakana kuigulitsa kwa anthu amene akadaisandutsa combo ca akapolo, natsimikiza mtima kukaigulitsa kutali.

Mu Febuluwale 1864 anaturuka pa mathiriro a Zambezi ndi sitima ziwiri, Lady Nyassa ndi Pioneer, ndipo zombo ziwiri za nkhondo, Ariel ndi Orestes, zinazikoka ndi zingwe. Panjira anakomana ndi namondwe woopsa. Umu ndimo Chuma anayambira kudziwa nyanja yamcere: mafunde onga mapiri, ndi mtunda wosaoneka konse. Anapulumuka, nakoceza pa cisumbu ca Mozambique, pamene panali likuru la Apwitikizi ndi linga lao lakale lamiyala. Pa dooko limeneli omasulidwa a ku Magomero anapatukana. Waller anatenga akazi ndi ana kumka nao ku Cape Town, koma Chuma ndi mnzace Wakotani anatsala ndi Livingstone.

Mu Epulo anafika ku Zanzibar. Pamenepo msika wa akapolo unali wotseguka pakati pa mudzi, ndipo anthu a mtundu wace wa Chuma anali kugulitsidwa tsiku ndi tsiku, ogula atawayang'ana mano ndi miyendo. Livingstone sanapeze woyenera kugula sitima yace, ndipo mmisiri wa makina, George Rae, anamsiya. Dooko lina lokhala ndi ogula linali Bombay, ku India, mudzi umene lero auchula Mumbai.

Kuoloka nyanja ya India

Pa nyanja imeneyo mphepo ziri ndi nyengo zao, monga mvula iri nayo nyengo yace kuno. Miyezi ina mphepo iomba kucokera ku India kudza ku Africa, miyezi ina itembenuka niomba kumka ku India, ndipo poyamba kuomba ndi mphamvu, ca m'mwezi wa Juni, idza ndi namondwe wakumiza zombo zazing'ono. Amarinyero onse anadziwa kuti nthawi yatha. Koma pa 30 Epulo 1864 Lady Nyassa ananyamuka, Livingstone mwini ali woyendetsa. M'katimo munali Azungu ena 3, amuna 7 a ku Zambezi osazolowera nyanja, ndi anyamata 2, Chuma ndi Wakotani. Mmodzi wa amuna a ku Zambezi anali Susi, amene anakhala mnzace wa Chuma kufikira imfa.

Malasha anali matani 14 okha, osafikira ulendo wonse, cotero anatama matanga. Livingstone anayesa kuti adzafika atapita masiku 18. Koma mphepo inaleka, ndipo masiku ambiri sitima inangoyandama pa madzi osalala, dzuwa liri kutentha, madzi akumwa ali kucepa. Azungu anadwala mmodzi mmodzi, ndipo anthu akuda aja anaphunzira kukwera mlongoti, kukulunga matanga ndi kugwira tsigiro. Potsiriza mphepo inadza ndi mafunde akuru, niwakankha kufikira anaona mtunda wa India. Analowa m'dooko la Bombay pa 13 Juni, atayenda mamailosi 2,500 m'masiku 45. Sitima yao inali yaing'ono cotero kuti pakati pa zombo zambirimbiri za pa dookolo palibe anazindikira kuti afika.

Bombay

Livingstone anapitirira kumka kwao, nasiya anyamata awiri aja m'manja mwa Dotolo John Wilson, mbusa wa ku Scotland amene anali ndi sukulu m'mudzimo. Susi anapeza nchito pa dooko. Chuma anakhala m'sukulu caka ndi theka, pakati pa anthu a cinenedwe cina, zakudya zina ndi mapembedzedwe ena, wopanda mbale koma Wakotani yekha. Anaphunzira Cingerezi ndi Mau a Mulungu. Livingstone atabwera m'caka ca 1865, anyamatawo anabatizidwa ndi Dotolo Wilson m'mwezi wa Disembala, ndipo Chuma analandira dzina la James.

Tsono anaolokanso nyanja pa sitima yochedwa Thule, imene Boma la Bombay linaipereka mphatso kwa Mfumu ya Zanzibar, nafika pa 28 Januwale 1866. Msika wa akapolo unali cikhalire. Atakhala masabata 7 anakwera combo ca nkhondo dzina lace Penguin, natsika pa dooko laling'ono la Mikindani, kumpoto kwa mtsinje wa Rovuma. Kuyambira pamenepo Chuma sanaonenso nyanja yamcere zaka 8.

Ulendo wa pamtunda

Anatsata Rovuma, napita pakati pa dziko la Ayao, m'njira yodzala ndi magoli otayidwa ndi mitembo ya akapolo olefuka. Anafika kwa Mataka, naona Nyanja yathu pa 8 Ogasiti 1866, naizungulira kumwera. Kwa Mponda, Wakotani anati wapeza abale ace, natsala. Chuma nayenso anakomana ndi mkazi wina wonena kuti ali mbale wace, nampatsa mphatso, koma iye sanatsale. Posacedwa amuna 10 a ku cisumbu ca Johanna anathawa cifukwa ca kuopa Angoni, nakabukitsa bodza ku Zanzibar kuti Livingstone waphedwa.

Otsalawo anakwera mapiri a kumadzulo kwa Nyanja, napita pa Dzalanyama, ndipo mu Novembala anafika ku magwero a Bua. Anapeza makolo athu ali kusungunula citsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu, midzi yambiri iri ya malinga, ndi anthu ena atathawira kumapiri cifukwa ca nkhondo. Amtengatenga anasowa, ndipo kawiri kawiri akatundu ananyamulidwa ndi eni mudzi kufikira mudzi wotsatira. Mu Disembala anaoloka Luangwa.

Sitibisa kuti Chuma anapunthwa. M'caka ca 1868, atatopa ndi njala ndi matope, iye ndi Susi ndi ena anakana kutsata mbuye wao kumka ku nyanja ya Bangweulu, nakhala kwa Aluya. Itapita miyezi anabwerera, ndipo Livingstone anawalandira osawabwezera coipa, podziwa kuti iye mwini anatopanso. Nkhani iyi ifanana ndi ya Marko, amene anasiya Paulo pakati pa ulendo, koma pambuyo pace anakhala wothandiza wace. Kuyambira pamenepo Chuma sanacokenso. M'caka ca 1870, pamene ena onse anakana kuyenda m'dziko la Manyema, anatsala atatu okha, Susi, Chuma ndi Gardner. Anali ku Nyangwe mu Julaye 1871, pamene anthu a Aluya anaombera mfuti anthu mazana pamsika, ambiri a iwo akazi. Anali ku Ujiji kumapeto kwa caka comweco, pamene Henry Stanley anawapeza, ndipo Chuma anamlonjera m'Cingerezi ca ku Bombay cija. M'caka ca 1872 anakwatira mkazi dzina lace Ntaoeka, amene anayenda nao ulendo wonse wotsala.

Maliro a kwa Chitambo

Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa Chitambo, kumwera kwa Bangweulu, m'dziko limene lero liri Zambia. Anampeza usiku ali cigwadire pambali pa kama wace. Pamenepo panalibe Mzungu wowalamulira, panalibe wowalipira, ndipo dooko linali kutali mamailosi oposa 1,000. Akadakhoza kuika maliro, kugawana nsaru ndi mikanda, ndi kubalalika. Koma anasonkhana, nasankha Susi ndi Chuma akhale akuru ao, napangana kuti adzapereka mtembo kwa abale ace.

Ife Acewa tidziwa kulemera kwa nchito ya adzukulu, ndipo tidziwa kuti kupita ndi mtembo wa mlendo pakati pa midzi ya eni ndiko kuputa mlandu. Poyamba anayesa kubisira Chitambo, koma iye atamva sanawalipitse, ndipo anadza ndi anthu ace kudzalira maliro. Mtima anauika pansi pa mtengo wa mpundu, umene ife tiuchula muula, ndipo Jacob Wainwright, wodziwa kulemba, anawerenga mau a maliro nalemba dzina pamtengopo. Thupi analithira mcere, naliumika padzuwa masiku 14, nalikulunga m'nsaru, m'khungwa la mtengo ndi m'thanga la combo, nalimanga pa mtengo wonyamula anthu awiri. Makalata ndi mabuku onse anawawerenga, nawasunga m'mabokosi.

Anayenda miyezi 9. Anadwala pafupi onse, anaoloka Luapula, anacita nkhondo pa mudzi wina, ndipo anthu ngati 10 anafera m'njira. Atayandikira Unyanyembe, pamene lero pali Tabora, Chuma anatsogola ndi kalata, nakomana ndi Verney Cameron mu Okotobala 1873, amene anatumidwa kudzathandiza Livingstone. Cameron anawapangira kuti aike maliro pomwepo, koma iwo anakana. Patsogolo, pamene eni dziko anafuna kuwatsekera njira, anacita ngati abweza mtembo kukauika, koma usiku anaumanga monga mtolo wa nsaru, napitirira nao. Mu Febuluwale 1874 anafika pa dooko la Bagamoyo, pamene ansembe a Misyoni ya Mzimu Woyera analandira maliro, ndipo combo ca nkhondo dzina lace Vulture cinawaolotsa kumka ku Zanzibar.

Chuma anapeza Zanzibar itasandulika. Makalata a Livingstone osimba za Nyangwe anali atautsa mitima ya anthu ku Ulaya, ndipo mu Juni 1873 Mfumu Barghash anabvomera pangano ndi kazembe John Kirk, natseka msika wa akapolo. Pamalo pomwepo a Misyoni ya Bishopu Mackenzie uja anali atayamba kumanga nyumba ya Mulungu, imene iripo kufikira lero.

Aden, Suez ndi England

Onyamula maliro aja analipidwa nauzidwa kuti apite, ndipo panalibe wokumbukira kuitana akuru ao ku maliro. Mwa iwo Jacob Wainwright yekha anaperekeza mtembo. Njira ya sitima za masiku aja inali iyi: kucokera ku Zanzibar kumka kumpoto kufikira Aden, dooko la miyala ndi dzuwa pamene zombo zinatenga malasha, kulowa m'Nyanja Yofiira, imene tiidziwa m'mbiri ya Mose, kupyola ngalande ya Suez, ya mamailosi ngati 100, imene anthu anaikumba ndi kuitsegula m'caka ca 1869 kuti zombo zileke kuzungulira ku Cape, ndi kupita pa nyanja imene Paulo anayendapo, kufikira kuturukira ku Gibraltar. Mtembo unafika pa dooko la Southampton pa 15 Epulo 1874, nuikidwa m'Westminster Abbey ku London pa 18 Epulo.

James Young, bwenzi lakale la Livingstone, ataona kuti cinthu ici sicinakome, anaturutsa ndarama zace naitana Chuma ndi Susi. Anafika maliro ataikidwa kale, koma nchito yao inali kuwadikira. Horace Waller, yemwe uja wa ku Magomero, anapatsidwa mabuku a Livingstone kuti awakonze asindikizidwe. Koma masiku otsiriza Dotolo analefuka osakhoza kulemba kanthu koma masiku a mwezi okha, ndipo za imfa yace ndi za ulendo wa maliro munalibe m'buku liri lonse. Chuma ndi Susi anakhala ndi Waller masabata ambiri, namfotokozera zonse, mudzi ndi mudzi, mtsinje ndi mtsinje, ndipo poyesa mau ao ndi mapu a Livingstone anawapeza oona. Cotero pafupi zonse zimene dziko lapansi lidziwa za masiku otsiriza a Livingstone zinaturuka m'kamwa mwa anthu awiri awa. Buku lija linasindikizidwa m'caka comweco ca 1874.

Anaceza ku Newstead Abbey pamodzi ndi ana a Livingstone, Agnes ndi Tom. Analandiridwa ndi bungwe la akuru odziwa maiko, la Royal Geographical Society. Ndipo ku Scotland, pa nyumba ya James Young, anamanga khumbi lofanana ndi lija anamwaliramo mbuye wao, kuti abale ace aone ndi maso.

Kapitao wa maulendo

Atabwerera ku Zanzibar, Chuma anagwira nchito ndi Bishopu Edward Steere. M'caka ca 1875 anamtsogolera kwa Mataka, m'dziko la mtundu wace. M'caka ca 1876 anatsogolera ulendo wa akapolo omasulidwa amene anafuna kubwerera kwao ku Nyanja, ndipo iwo atatopa anamanga mudzi pa Masasi, umene unakhala Misyoni yaikuru. Iye amene anamasulidwa pa goli ali mwana anakhala tsopano woperekeza omasulidwa anzace.

M'caka ca 1879 bungwe lija la ku London linatuma Keith Johnston kukafuna njira yocokera ku Dar es Salaam kumka ku Nyanja, ndipo Chuma anaikidwa kapitao wa amtengatenga 150. Johnston anamwalira pa Behobeho mu Juni, ulendo utangoyamba, ndipo anatsala Joseph Thomson, mnyamata wa zaka 21 wosadziwa dziko. Kaciwiri Chuma anaima pa maliro a mtsogoleri wace pakati pa chire, ndipo kaciwiri ulendo sunapasuke. Iye ndiye anadziwa kulankhula ndi mafumu, kuweruza milandu ya amtengatenga, ndi kuwaseketsa pamene mitima yao inagwa. Anafika kumpoto kwa Nyanja yathu, napitirira ku Tanganyika, nabwera ku Bagamoyo mu Julaye 1880 osacita nkhondo ndi mtundu uli wonse. Thomson anamtama poyera, ndipo bungwe lija linampatsa mendulo yasiliva ndi lupanga. M'caka ca 1881 anayendanso ndi Thomson ku Rovuma, kukafunira Mfumu Barghash malasha.

Koma thupi lace linali litatha ndi maulendo. Anadwala cifuwa cacikuru, namwalira ku Zanzibar m'caka ca 1882, ali ndi zaka ngati 32 zokha.

Pa mwala wa manda a Livingstone ku London palembedwa kuti anadza naye ndi manja a anthu okhulupirika, pamtunda ndi panyanja, koma maina a eni manjawo sanalembedwe. Kwa ife, abale, nkoyenera kuwadziwa ndi kuwaphunzitsa ana athu: Chuma, Susi, Amoda, Gardner ndi Mabruki, asanu amene anatsika pa Mikindani m'caka ca 1866, napita pa magwero a Bua, nafika pa Bagamoyo m'caka ca 1874, ndiponso Jacob Wainwright, ndi akazi Ntaoeka ndi Halima, ndi anzao ambiri amene anasenza mtolo uja. Ndipo anyamata athu amene anyamuka kukafuna nchito ku maiko akutali akumbukire mnyamata uyu. Anaona Bombay ndi London, analankhula ndi akuru a dziko, anagwa kamodzi nadzukanso, ndipo cimene anapatsidwa kusunga anacifikitsa kwa eni ace.